Ngati akasinja a Ajeremani anali oopsa chonchi, nanga anagonja bwanji?

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, moni nonse pagulu pano. Pali funso lomwe likundizunguza mutu. Mavidiyo a Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse omwe ndikuonera pa YouTube akungotamanda akasinja a Ajeremani, makamaka Tiger. Akuti mzinga wake wa 88 mm unkaboola kasinja wa adani ali patali kuposa kilomita imodzi, pomwe chitsulo cha kutsogolo kwake chinali chochindikala 100 mm moti zipolopolo zambiri zinkangonjanja. Ndiye anthu okhala ndi chida choterechi anagonja bwanji? Kapena mavidiyowa akutinamiza?

Makaniko wa ku Kanengo:
Pa za mzinga sakunama ayi, achimwene. Chomwe sakuonetsani ndi za kugalaja. Tiger ankalemera matani pafupifupi 57. Ine ndimakhalira kumasula magiyabokosi a mathiraki, ndiye ndikamva kulemera koteroko ndimayamba ndaganiza za zitsulo zomwe zimapititsa mphamvu ya injini ku matcheni, chifukwa n'zomwe zimayamba kulira. Akafera panjira pankafunika magalimoto okoka akuluakulu awiri kapena atatu kuti amusunthe, ndipo lamulo linkaletsa Tiger kukoka Tiger mnzake poopa kupha injini ziwiri. Pomukweza sitima ankayamba amuvula matcheni ake otambalala n'kumuveka ang'ono, apo ayi sakanakwana pangolo. Akafika, ayambirenso kubwezeretsa. Thukuta lonselo ankakhetsa ndi anyamata omwewo oti mawa lake akamenye nkhondo.

Muonenso chiwerengero. Ma Tiger onse a mtundu woyamba, kuyambira 1942 mpaka 1944, sanakwane 1,400. America inapanga ma Sherman pafupifupi 49,000. Russia inapanga ma T-34 oposa 50,000.

Wa ku Area 25:
Koma mmodzi ankatha kuphwanya khumi a enawo, si choncho?

Makaniko wa ku Kanengo:
Tsiku lomwe wafika pamalo a nkhondo ali wamoyo, petulo ali m'thanki, inde zinkachitika. Nanga malo ena onse omwe iye kulibe, akuteteza ndani?

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, funso lako ndi labwino, koma tiyambe ndi ichi: zaka zomwe Ajeremani ankapambana, Tiger kunalibe. Poland inagwa mu 1939, France mu 1940, ndipo mu 1941 anafika pakhomo pa Moscow. Tiger anayamba kumenya nkhondo chakumapeto kwa August 1942 kufupi ndi Leningrad, zinthu zitatsala pang'ono kutembenuka. Poyamba nkhondo ya ku France pa 10 May 1940 anali ndi akasinja pafupifupi 2,500, ndipo oposa theka anali ang'onoang'ono, Panzer I ndi Panzer II. Panzer I analibe ndi mzinga womwe, mfuti zachiwaya ziwiri basi. Afalansa ndi Angerezi pamodzi anali ndi akasinja ochuluka kuposa pamenepo, ena a chitsulo chochindikala kwambiri. Pamudzi wa Stonne pa 16 May, Char B1 mmodzi yekha wa Afalansa anaphwanya akasinja 13 a Ajeremani n'kubwerera kwawo akuyenda.

Chomwe chinawapambanitsa ndi kagawidwe ka ntchito mkatimo, ndi wailesi. Mu Panzer III ndi Panzer IV munkakhala anthu asanu: dalaivala, wa wailesi yemwe ankagwiranso chiwaya cha kutsogolo, wolonga zipolopolo mu mzinga, wowomba, ndi mtsogoleri. Mtsogoleriyu ntchito yake inali imodzi, kuyang'ana ndi kulamula. Kwa Afalansa, m'chipinda chozungulira chapamwamba chija munkakhala munthu mmodzi. Yemweyo afunefune mdani, yemweyo alonge, yemweyo awombe, yemweyo auze dalaivala kolowera, ndipo ngati ndi wamkulu atsogolerenso akasinja ena. Munthu sangakwanitse. T-34 woyambirira analinso ndi vuto longa lomweli, mtsogoleri ndiye ankawomba.

Heinz Guderian, yemwe anamenyera nkhondo kwambiri kuti pakhale magulu a akasinja oima paokha, pa Nkhondo Yoyamba ankagwira ntchito ya zamauthenga. Iye anaumirira kuti kasinja aliyense akhale ndi wailesi, ngakhale yongomvera chabe. Akasinja ambiri a adani awo ankadalira kukupiza mbendera. M'fumbi ndi utsi, mbenderayo aiona ndani?

Ndipo izi sanaziphunzire usiku umodzi. Pangano la Versailles la 1919 linawaletsa kukhala ndi akasinja, koma kuyambira 1929 mpaka 1933 ankaphunzira mobisa kufupi ndi Kazan, m'dziko la Russia lomwelo lomwe anadzaliukira mu 1941. Magulu atatu oyamba a akasinja anakhazikitsidwa mu 1935.

Sajeni Wopuma:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma mwasiya anthu anga. Nkhani ya akasinja ikamakambidwa, msilikali woyenda pansi amaiwalika, chonsecho popanda iye kasinja ndi wakhungu.

Amene simunakhalepo m'galimoto yankhondo zitseko zitatsekedwa, mvetserani. Kuona kunja kuli ngati kusuzumira pamng'alu wa chitseko cha nsungwi. Ukuona kachigawo kakang'ono kutsogoloko, koma munthu wogona m'dzenje pambali pako penipeni sukumuona. Injini ikulira, matcheni akuchita phokoso, sungamve wokuwa. N'chifukwa chake atsogoleri a akasinja a Ajeremani ankakonda kuyenda mutu uli kunja, ndipo n'chifukwa chakenso ambiri a iwo ankafa kapena kuvulala m'mutu.

Tengani Sedan pa 13 May 1940. Anthu amati akasinja anathyola France, koma anayamba kuoloka mtsinje wa Meuse ndani? Asilikali oyenda pansi ndi akatswiri a mabomba, m'mabwato a labala, zipolopolo zikugwa. Iwowo ndi amene anaphulitsa nyumba zakonkire zomwe Afalansa ankawomberamo. Akasinja anaoloka mawa lake mlatho utamangidwa. Pofika pa 20 May anali atafika kunyanja kufupi ndi Abbeville, koma chitseko anatsekula ndi wapansi.

Nachisale ku Southampton:
A Sajeni, ndiye awa amawatchula kuti Panzergrenadier aja? Mwana wanga wamwamuna ali ndi timagalimoto tapulasitiki ta matayala kutsogolo, matcheni kumbuyo.

Sajeni Wopuma:
Omwewo, achemwali. Dzinalo anapatsidwa mu 1942. Galimoto mukunenayo ndi Sd.Kfz. 251. Inkanyamula asilikali khumi kuonjezera pa dalaivala ndi mnzake, kumwamba kunali kosatseka, ndipo chitsulo chake sichinkafika 15 mm. Chinkatchinga zipolopolo za mfuti wamba ndi zidutswa za mabomba, koma mzinga ayi. Ubwino wake unali woti inkatha kutsatira kasinja m'munda, m'matope, anyamata n'kudumpha pomwe pafunika: pankhalango, pamudzi, pamlatho. Iwo achotse mizinga yobisika ndi anthu a mabomba a m'manja, kasinja achotse chiwaya chomwe chawapanikiza pansi. Aliyense ankadalira mnzake kuti aone mawa.

Koma musanyengedwe ndi zithunzi. M'gulu wamba la akasinja cha m'ma 1943 ndi 1944 munali mabataliyoni anayi a asilikali amenewa, ndipo kawirikawiri imodzi yokha ndiyo inali ndi magalimoto achitsulowa. Enawo ankakwera malole wamba, ma Opel Blitz ndi ena olanda, n'kutsika patali n'kuyamba wapansi. Ojambula zithunzi a boma ankathamangira komwe kuli achitsulowo.

Aphunzitsi Opuma:
Ndionjezere pomwepo. Polowa mu Russia pa 22 June 1941 anali ndi magulu ankhondo pafupifupi 150, koma a akasinja sanakwane 20. Ena onsewo, kupatula ochepa a malole, ankayenda wapansi, mizinga ndi chakudya zikukokedwa ndi akavalo oposa 600,000. Akasinja amathamanga kutsogolo, kenako n'kuima kudikira anthu omwe akubwera ndi miyendo makilomita mazanamazana m'mbuyo. Itayamba mvula ya October misewu inasanduka phala la matope. Kutazizira, mafuta a injini anauma moti ankasonkha moto kunsi kwa kasinja kuti alire.

Makaniko wa ku Kanengo:
Matopewo anadzavutitsanso Tiger mwanjira ina. Magudumu ake anali olowana, lina mkati lina kunja. Matope akalowa pakati usiku n'kuuma ndi chisanu, m'mawa kasinja sasuntha. Ndipo gudumu lamkati likaonongeka, uyambe wachotsa angapo akunja kuti ulifike. Amene anajambula pulani imeneyo sanagwirepo sipanala kunja kukuzizira.

Pali inanso yomwe imandikhudza chifukwa ndimaiona pamagalimoto oimikidwa nthawi yaitali. Mu November 1942, gulu la 22 la akasinja linali kumbuyo kwa asilikali a Romania kufupi ndi mtsinje wa Don. Petulo anali wochepa, ndiye akasinja anawaika m'maenje n'kuwafunditsa udzu kuti asazizidwe, osawaliza kwa masabata. Mbewa zinalowa n'kudya zokutira mawaya. A Russia atayamba chiwembu chachikulu pa 19 November, akasinja ambiri anakana kulira. Patangopita masiku ochepa gulu lonse la Paulus, mkulu wa asilikali a Ajeremani mumzindamo, linali litazingidwa mu Stalingrad. Sindikunena kuti mbewa ndizo zinagonjetsa Ajeremani, koma chinayambitsa zonsezo ndi kusowa kwa mafuta, ndipo vuto limenelo silinawachoke mpaka mapeto.

Wa ku Area 25:
Eee, za mbewazo sindinazimvepo. Nanga Kursk? Amati ndiyo nkhondo yaikulu ya akasinja.

Sajeni Wopuma:
Kursk ndiye umboni wanga weniweni, mphwanga. Inayamba pa 5 July 1943. Kumpoto, chakufupi ndi Ponyri, anabweretsa chilombo chotchedwa Ferdinand, pafupifupi 90, cholemera matani 65, chitsulo cha kutsogolo 200 mm. Mizinga ya a Russia inkalephera kuchiboola kutsogolo. Koma analibe chiwaya ngakhale chimodzi. A Russia anangotsanulira mabomba pa oyenda pansi omwe ankatsatira, iwo n'kugona pansi, Ferdinand n'kupitirira yekha. Akaponda bomba lokwirira tcheni n'kuduka, waima pakati pa maenje a adani, alibe chothamangitsira munthu yemwe akukwawa ndi botolo la petulo. Otsalawo atawabweza kufakitale anakawaika chiwaya.

Makaniko wa ku Kanengo:
Ndipo Panther anayambira pomwepo, pafupifupi 200, atawathamangitsa kufakitale asanayesedwe mokwanira. Awiri anapsa injini pongotsika sitima. Patatha masiku awiri a nkhondo, oyenda anali cha m'ma 40. Ambiri sanaphwanyidwe ndi adani, anangofa okha kapena kuponda mabomba okwirira. Pambuyo pake anamukonza n'kukhala kasinja wabwino, koma magiya omalizira opita ku matcheni anakhala ofooka mpaka nkhondo kutha.

Nachisale ku Southampton:
Ine Tiger ndinamuona ndi maso ku nyumba yosungira akasinja ya ku Bovington, si patali ndi kuno. Ndi uja wa nambala 131, anagwidwa ku Tunisia mu April 1943, ndipo ndi yekhayo wa mtundu wake amene akuyendabe. Chipolopolo cha Angerezi chinakakamira pansi pa mzinga, chipinda chapamwamba chinaleka kuzungulira, anyamata n'kuthawa kumusiya. Mabala ake akuonekabe pachitsulo. Kunja ndi chinthu chachikulu zedi, tcheni limodzi m'lifupi kuposa mkono wanga. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi tizitseko tolowera. N'tating'ono. Ine ndine namwino, ndasamalirapo anthu opsa ndi moto, ndiye ndinaima pamenepo n'kumaganiza za munthu yemwe zovala zagwira moto, mnzake wavulala wamutsekera njira, pansi pali petulo, m'mbali muli zipolopolo za mzinga zoposa 90. Ali ndi kanthawi kochepa kwambiri kuti atuluke. Akatuluka, kunja chiwaya chikumudikira. Zimenezi mavidiyo a nyimbo zokoma aja saonetsa.

Chinanso cha ntchito yanga. Mu 1940 asilikaliwa ankapatsidwa mapiritsi a Pervitin kuti asagone. Ndi methamphetamine, mankhwala omwewa akuononga achinyamata masiku ano. Pakati pa April ndi July chaka chimenecho anatumiza mapiritsi pafupifupi 35 miliyoni kwa asilikali. Madalaivala ankayenda usana ndi usiku osatseka maso. Thupi limadzalipiritsa ngongole imeneyo, ndipo munthu wosagona masiku angapo mutu wake sukhala bwino.

Mdzukulu wa KAR:
Pepani ndilowerere. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), anapita ku Burma. Kodi anthu athu anakumanapo ndi akasinja a Ajeremaniwa?

Aphunzitsi Opuma:
Mabataliyoni a KAR a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, anapita ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma kukamenyana ndi Ajapani. Magulu a akasinja a Ajeremani anali kwina. Pomwe tinaonana ndi Ajeremani maso ndi maso ndi pa Nkhondo Yoyamba, ku Karonga mu September 1914 ndi m'zaka zotsatira pothamangitsana ndi mkulu wa asilikali awo, von Lettow-Vorbeck. Nthawi ya Karonga kasinja kunalibe padziko lonse. Angerezi anayamba kumugwiritsa ntchito mu 1916 ku France, ndipo Ajeremani pankhondo yonseyo anapanga 20 okha a iwo eni.

Wa ku Joni:
A kuno ku South Africa ndiye anakumana nawo. Pa 23 November 1941 ku Sidi Rezegh m'chipululu cha Libya, akasinja a Afrika Korps, gulu la Ajeremani kumpoto kwa Africa, anagwera 5th South African Brigade n'kuithetseratu. Tsiku limenelo oyenda pansi a Ajeremani analowa ali m'malole pambali pa akasinja, osatsika, ndipo anafa ambiri pamodzi ndi akuluakulu awo. A Sajeni akunena zoona za kuchepa kwa magalimoto achitsulo. Kenako Tobruk inagwa pa 21 June 1942, anthu oposa 30,000 n'kugwidwa, mwa iwo oposa 10,000 a kuno. Akuda anawapatula n'kuwagwiritsa ntchito yakalavulagaga padoko. Mmodzi wa iwo, Job Maseko, anapanga bomba m'chitini cha mkaka n'kumiza sitima yapamadzi ya adani padoko pomwepo. Anapatsidwa Military Medal.

Koma ine nkhani yomwe ndikufuna tikambe ndi ina. Takhala tikuyamikira luso la anthuwa, asanu m'kasinja, wailesi, zonsezo. Ndani pano anamvapo za Chasselay?

Wa ku Area 25:
Ine ayi. Ndi kuti kumeneko?

Wa ku Joni:
Ndi mudzi wa kufupi ndi Lyon ku France. Mu June 1940 kumeneko kunali asilikali akuda a gulu la 25 la Tirailleurs Sénégalais. Dzina ndi la Senegal koma ankachokera m'maiko ambiri a kuzambwe kwa Africa omwe ankalamulidwa ndi France, monga Mali, Guinea, Burkina Faso ndi Côte d'Ivoire a lero. Anamenya nkhondo mpaka zipolopolo kuwathera, n'kugonja. Pa 20 June Ajeremani anapatula azungu, akudawo, pafupifupi 50, anawayendetsa kupita kumunda. Kumeneko kunali akasinja awiri. Anawawombera ndi chiwaya kumsana, kenako akasinja anayenda pamwamba pa ovulala. Anthu oti akweza manja kale.

Kwa zaka zambiri ankati anachita ndi a SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler. Koma zithunzi zomwe msilikali wina wa Chijeremani anajambula tsikulo zitapezeka mu 2019, zinaonetsa kuti akasinjawo anali a gulu la 10 la akasinja, asilikali wamba a boma, osati SS. Lero pamalopo pali manda ozingidwa ndi mpanda wofiira womangidwa mwa kamangidwe ka kwawo, pagona asilikali a mu Africa 188 ophedwa m'dera limenelo.

Si pokhapo. Pa 7 June ku Airaines, Kaputeni Charles N'Tchoréré, mbadwa ya ku Gabon, atagonja ndi anthu ake anakana kumupatula kwa maofesala anzake achizungu, chifukwa iyenso anali ofesala. Anamuwombera pomwepo. Chakufupi ndi derali masiku amenewo kunkamenya nkhondo gulu la 7 la akasinja, la Rommel, yemwe ambiri amamutcha njonda ya m'chipululu. Wolemba mbiri Raffael Scheck anawerengera kuti asilikali akuda ophedwa motere mu May ndi June 1940 anali pakati pa 1,500 ndi 3,000.

Ndiye ndikaona mnyamata wa kwathu waika chithunzi cha kasinja wa mtanda wakuda pa WhatsApp, mtima umandiwawa. Anthu amenewo akanakugwira iweyo sakanakufunsa dzina.

Mlonda wa Usiku:
Achimwene a ku Joni, nkhaniyo ndi yowawa, sindikutsutsa. Koma tisaphatikize zinthu. Kuyamikira makina si kuyamikira Hitler. Ndiponso anyamata ambiri m'akasinjamo anali a zaka 19, 20, olembedwa mokakamiza. Msilikali amamvera lamulo. Ndipo nkhanza pankhondo imeneyo anachita ndi onse, a Russia, Angerezi ndi mabomba awo pamizinda, onse.

Sajeni Wopuma:
Bambo, pa za lamulo ndiyankhe ine poti yunifolomu ndinavalapo. Msilikali amaphunzitsidwa kuti munthu amene wataya mfuti n'kukweza manja sawomberedwa. Germany inasainira pangano la Geneva la 1929 lonena za akaidi a pankhondo, ndipo France inasainanso. Anyamata a ku Chasselay ankalidziwa, umboni wake ndi woti akaidi achizungu anawasiya amoyo tsiku lomwelo, pamalo omwewo. Anasankha ndi khungu. Dalaivala amene anaponda giya n'kuyendetsa kasinja pamwamba pa munthu wovulala anali ndi manja ake pachiongolero.

Zoti ena anachitanso zoipa ndi zoona, ndipo tsiku lomwe tidzakambe za Katyn kapena Dresden ndidzalankhula mosabisa. Lero tikukamba za awa.

Mlonda wa Usiku:
Ndamva, a Sajeni. Komabe ine ndikuona kuti munthu angathe kuphunzira kamenyedwe kawo osagwirizana ndi zomwe ankamenyera. Masukulu a usilikali amaphunzitsa za Guderian mpaka lero.

Nachisale ku Southampton:
Kuphunzira palibe akuletsa, achimwene. Ine ndemwe ndinalipira tikiti kukaona Tiger. Koma tiphunzire zonse. Oradour-sur-Glane, pa 10 June 1944, anthu oposa 640 anaphedwa tsiku limodzi, amayi ndi ana anawatsekera m'tchalitchi n'kuyatsa moto. Anachita ndi ma Panzergrenadier a gulu la Das Reich, omwewa tikuwayamikira kuti ankadziwa kudumpha m'galimoto n'kuzinga mudzi mwachangu. Luso lomwelo ndi lomwe anazingira nalo Oradour. Mudziwo anausiya momwemo osaumanganso, makoma opsa alipobe. Ndipo akasinja ena ankapangidwa ndi manja a akaidi. Fakitale yaikulu ya Panzer IV ku St. Valentin ku Austria inkagwiritsa ntchito akaidi a ku Mauthausen.

Wa ku Area 25:
Nanga Michael Wittmann, mtsogoleri wa ma Tiger uja? Ndi amene amatchulidwa kwambiri, akuti anaimitsa gulu lonse la Angerezi yekha.

Sajeni Wopuma:
Villers-Bocage, 13 June 1944. Anawapeza Angerezi ataima mumsewu osayembekezera, ndipo m'mphindi zochepa anaphwanya akasinja ndi magalimoto ambiri. Kulimba mtima analidi nako. Koma analowa m'tauni wopanda oyenda pansi, kasinja wake anaomberedwa n'kuima, iye n'kuthawa wapansi. Masana ake ma Tiger ena analowanso m'misewu yopanikiza ija oyenda pansi ali ochepa, angapo n'kuthera momwemo. Boma la Hitler linkafuna ngwazi yoti ionekere m'nyuzipepala, ndipo iye anali wa SS, ndiye anamukweza kwambiri. Pa 8 August chaka chomwecho anatsogolera ma Tiger pabwalo poyera osadziwa zomwe zili m'mbali mwake, anaomberedwa, onse asanu m'kasinjamo n'kufa.

Makaniko wa ku Kanengo:
Ndipo pofika nthawi imeneyo mafuta anali atawathera. Romania, komwe kunali zitsime za Ploiești, inawatembenukira mu August 1944, ndipo mafakitale opanga petulo kuchokera ku malasha ankaphulitsidwa ndi ndege. Madalaivala atsopano ankabwera asanaphunzire mokwanira poti panalibe petulo wophunzirira, ndiye giyabokosi yofooka kale ija m'manja mwa mwana wosazolowera inkatha msanga. Ku Ardennes mu December 1944, gulu la Joachim Peiper linafika pamudzi wa La Gleize ku Belgium mathanki a petulo atauma. Anasiya akasinja ndi magalimoto awo onse, anthu pafupifupi 800 n'kubwerera wapansi usiku m'nkhalango. Tiger II mmodzi mwa omwe anasiyidwa akadali pamudzipo.

Wa ku Joni:
Peiper yemweyo anthu ake ndi amene anapha akaidi 84 a ku America kufupi ndi Malmedy pa 17 December. Tsiku lomwelo ku Wereth, asilikali ena a gulu lomwelo la 1 la SS anagwira asilikali akuda 11 a ku America omwe banja lina linawalandira m'nyumba n'kuwapatsa chakudya. Anawazunza n'kuwapha kumunda. Za Malmedy dziko lonse linamva sabata yomweyo. Za Wereth zinakhala zaka pafupifupi 50 popanda ngakhale chikumbutso.

Mdzukulu wa KAR:
Aphunzitsi, nanga anthu amenewa analangidwa nkhondo itatha?

Aphunzitsi Opuma:
Ena, koma mochepa kwambiri. Peiper anaweruzidwa kuti aphedwe pamlandu wa ku Dachau mu 1946. Chilangocho chinasinthidwa, anatuluka m'ndende mu 1956, n'kukalembedwa ntchito kukampani ya magalimoto ya Porsche. Anadzafera ku France mu 1976 nyumba yake itatenthedwa. Guderian anasungidwa ndi Amerika mpaka 1948 osaimbidwa mlandu, analemba mbiri ya moyo wake yomwe inagulidwa kwambiri, ndipo anamwalira mu 1954. Za Oradour, mlandu unazengedwa ku Bordeaux mu 1953, koma pasanathe zaka zambiri onse omangidwa anali atatuluka. Mkulu wa gulu la Das Reich, Heinz Lammerding, khoti la ku France linamuweruza kuti aphedwe iye kulibe, chifukwa cha anthu 99 omwe asilikali ake anawapachika ku Tulle pa 9 June 1944. West Germany sinamupereke. Anakhala ku Düsseldorf akuyendetsa kampani yake ya zomangamanga mpaka anamwalira ndi matenda mu 1971.